Matayala Awiri a Mbali ya Amayi

A Dalaivala anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zitatu osaponda ngakhale nkhuku. Zimenezi ankazinena okha, ndipo ankazinena pafupipafupi: kwa alendo, kwa wometa tsitsi, ngakhale kwa dokotala wa mano zala zili m'kamwa. Atapuma ntchito dzina lija silinapume nawo. Akazi awo omwe akapsa mtima ankawaitana kuti a Dalaivala.

Chimene chinawatsitsa m'basi ndi bondo la kumanja. Linkatupa akaponda mafuta nthawi yaitali, mpaka mwana wawo wamkazi, amene pakhomo ankangomutchula kuti Nesi chifukwa cha ntchito yake, anawapezera galimoto ya masiku ano yokhala ndi kabatani pa chiwongolero. Ukadina kabataniko galimoto imadziponderera yokha mafuta. Ikaona inzake kutsogolo imachepetsa liwiro, inzakeyo ikachoka imathamanganso, iwe phazi lili phee pansi. Amakaniko amati kuluzi. A Dalaivala ankati kondakitala, ndipo poyamba ankamuda monga ankadera makondakitala onse, anthu apakamwa amene sanagwirepo chiwongolero. Koma bondo litaphwa anayamba kuuza anthu kuti ameneyu ndiye kondakitala yekhayo wamakhalidwe amene anagwirapo naye ntchito.

Vuto linayambira pageti. Pageti pawo panali kamtumbira ka simenti kotchinga madzi a mvula, ndipo galimoto yatsopanoyi inali yaifupi miyendo. A Dalaivala akamatuluka okha inkadutsa bwinobwino. Akakwera ndi amayi akunyumba, mimba ya galimoto inkakhudza simenti, mbali ya amayiyo, n'kumveka khweee, phokoso lofika mpaka kwa aneba.

Tinene zoona, amayi Mulungu sanawamane thupi. Anali telala, ntchito yokhala pansi tsiku lonse, ndipo zaka makumi anayi za pa mashini zinawaunjikira zimene zinawaunjikira. Pakhomopo nkhaniyi sinkatchulidwa. Kalekale mlamu wawo wina anayerekeza kuseka kuti pa chithunzi cha banja ana awiri sakuoneka chifukwa anaima kumbuyo kwa amayi. Amayi anaseka nawo, koma alendo atapita anadzitsekera m'chipinda chosokera masiku atatu, mashini ali zii, chakudya osachikhudza. A Dalaivala anathera masiku atatuwo pachitseko ndi mbale m'manja. Kuyambira pamenepo analumbira kuti pakamwa pawo sipadzatuluka liwu lokhudza kulemera kwa mkazi wawo, ngakhale munthu atawaloza ndi mpeni.

Ndiye khweee uja ankawalasa mumtima. Amayi akamumva ankayang'ana kuwindo ngati aona chinachake kumpanda. Tsiku lina anangoti, "Imani kaye nditsike, ndikakwerere kunja kwa geti." Anatsikadi, nayenda kamtunda kaja atakumbatira chikwama, mutu uli pansi. Tsiku limenelo a Dalaivala chakudya sichinawalowe.

M'mawa mwake analawirira kwa wogulitsa matayala. Nzeru anali nayo kale, ya ku basi, kapena tinene kuti iwo ankati ndi ya ku basi: mbali yolemedwa umaipatsa mwendo wautali. Analamula matayala awiri okwererapo, lakutsogolo ndi lakumbuyo, onse mbali ya amayi. Wamatayala anakanda m'mutu n'kunena kuti zoterezi sanazionepo chibadwire. A Dalaivala anamufunsa kuti iyeyo anayendetsapo basi zaka zingati. Wamatayala anangotola sipanala.

Kuti munthu asaone kusiyana, anapaka matayala onse anayi polishi wa nsapato, wokhuthala, mpaka tizilembo ta m'mbali tinakwiririka. Loweruka lililonse ankawonjezera wina. Khweee anatha. Amayi ankadutsa pageti akusimba za makasitomala awo, osayang'ananso kumpanda. Galimoto inayamba kukokera mbali ya dalaivala, koma zimenezo anazigwira ndi phewa monga ankachitira ndi mabasi okalamba, ndipo mumtima ankadzitcha katswiri.

Amene anakana ndi kondakitala. Ulendo woyamba pamsewu waukulu, atadina kabatani, anayenda mphindi ziwiri zokha. Kenako kunamveka ti ti ti, kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi, galimoto n'kusiya yokha mafuta ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mkaka pamoto. Lole imene inali kumbuyo inaliza hutala mpaka amayi anameza switi yosatafuna. Ulendo wachiwiri zinali zomwezo. Tsoka lake, ulendo wachitatu Nesi anali pampando wakumbuyo.

A Dalaivala anapita nayo ku magalaja awiri. Makaniko woyamba anapukuta kabokosi ka kutsogolo kamene kamaona magalimoto ena, n'kunena kuti linali fumbi. Wachiwiri anazimitsa kanyali ndi makina ake, anazungulira nayo galimoto kuseri kwa msika pa liwiro la njinga, n'kunena kuti ilibe vuto lililonse. Za matayala a Dalaivala sanaziganizire n'komwe. Tayala ndi mphira, kompyuta ndi magetsi, zikumana pati?

Nesi anawakhazika pansi, patebulo lodyera.

"Bambo, galimoto aipima kawiri, akuti ili bwino. Ndiye chatsala n'chiyani?"

"Amakaniko a masiku ano, mwana wanga, sadziwa ngakhale..."

"Phewa lanu laumiranji? Ndinakuonani ine. Mukugwira chiwongolero ngati mukulimbana ndi mbuzi. Galimoto ikuthawira kumzere wa pakati pa msewu, inu n'kumaibweza. Mwina mukudina mabatani osadziwa. Mwina phazi likugunda buleki. Kuchipatala timaziona zimenezi, zimayamba chonchi."

"Zaka makumi atatu ndi zitatu..."

"Za nkhuku tikuzidziwa, bambo."

Nesi sanali mwana wamwano, anali mwana wamantha, ndipo wamantha wovala yunifolomu ndiye wovuta kwambiri. Anati pali makaniko mmodzi wa zamagetsi amene madokotala onse amapititsako magalimoto awo. Akapite nayo kumeneko. Akakapeza vuto m'galimoto, nkhani yatha. Akakati galimoto ili bwino, ndiye kuti vuto lili pampando, ndipo makiyi akabwera m'chikwama cha Nesi tsiku lomwelo.

A Dalaivala anavomera mokweza mawu, koma anachita mantha. Anali ndi mnzawo wa ku basi amene ana anamulanda makiyi chaka chatha. Tsopano ankangokhala pakhonde, akumakweza dzanja kwa galimoto iliyonse yodutsa. Ndiponso dalaivala wopanda makiyi umamuitana kuti chiyani?

Makaniko uja anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, ndipo anthu ankamutcha a Mawaya. Galaja yake inali ya malata, pansi posesedwa bwino, mashelefu odzaza zitini za mkaka zolembedwa ndi penti: mafyuzi, mababu, zosadziwika. Pakona panali benchi ya thabwa, pomwe amayi ndi Nesi anakhala. A Dalaivala anakana kukhala. Anayamba kufotokoza mbiri ya galimoto kuyambira pa basi yawo yoyamba, ndipo a Mawaya anamvetsera mpaka basi yachitatu, kenako n'kupempha makiyi.

Anagwada kutsogolo, anayang'ana kabokosi kaja, anakayeza ngati kali mowongoka, anagwedeza mawaya ake limodzilimodzi. Zonse zinali m'malo. Analumikiza makina ake pansi pa chiwongolero n'kuwerenga kwa kanthawi, milomo ikuyenda.

"Akuti chiyani?" anafunsa Nesi.

"Akuti china chake sichikugwirizana ndi china chake. Makinawa ali ngati khanda, achemwali. Amalira ndithu, koma pomwe pakuwawa sanena. Tiyeni tikaimve ikuyenda. Bambo ayendetse okha, ine ndikhale pambali. Inu tidikireni pano."

A Mawaya atakhala pampando wa amayi, makina ali pamiyendo, anayang'ana uku ndi uku.

"Mpando uwu ndi wokwera bwanji. Ine wamfupi chonchi ndikuona pamwamba pa dazi lanu."

"Ndi mmene anaipangira," anatero a Dalaivala, maso ali kumsewu.

Atafika pamsewu waukulu anadina kabatani. Anakhala mowongoka ngati tsiku la mayeso, manja onse pachiwongolero, phazi atalibisa pansi pa mpando kuti pasakhale wonena kuti lagunda buleki. Mumtima ankachonderera kondakitala kuti lero lokha alakwitse pamaso pa mboni. Munthu sanapemphererepo galimoto yake kuti iwonongeke ndi mtima wonse chotero. Mphindi ziwiri zinakwana. Ti ti ti.

"Mwamva? Mwaona phazi langa pomwe lili?"

"Ndaona, bambo. Pitirizani, musachepetse."

A Mawaya sankayang'ana kanyali. Ankayang'ana manambala anayi pa makina awo, ndipo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati aime pansi pa mtengo umene unali m'mbali mwa msewu. Anatsika, anatulutsa sikuludilaiva m'thumba la ovolosi, anagwada pa tayala la mbali ya dalaivala n'kuyamba kupala polishi. Anapala ndithu, zimakoko zakuda zikugwa, mpaka nambala inaoneka.

"60," anawerenga. Anazungulira mbali ya amayi, anapalanso. "70. Bambo, polishi yenseyu mumasiyako wa nsapato?"

"Galimoto iyenera kuoneka bwino."

"Tamverani. Gudumu lililonse lili ndi kachipangizo kowerenga kuti lazungulira kangati. Tayala lalitali limazungulira kochepa pa mtunda womwewo. Ndiye awiri a mbali yanu akuuza kompyuta kuti tikuyenda 80. Awiri a mbali iyi akuti ayi, ndi 75. Kompyuta ikuganiza kuti mwina mukukhota ngodya yosatha, mwina mukutereraterera pamatope. Ikafunsa chiwongolero, chikuti tili mowongoka. Mboni zitatu, nkhani zitatu. Ndiye imangoti ine za mabodza ayi, yendetsani nokha. Phewa lanu nalonso ndi zomwezi, galimoto ikukokera kumene kuli miyendo yaifupi."

A Dalaivala anamva ngati wina wawatula thumba la simenti.

"Ndiye kuti mutu wanga uli bwino?"

"Za mutu sindinaphunzire. Koma kuyendetsa mukuyendetsa bwino, kuposa mmene galimotoyi ikuyenera. Amene anakuikirani matayala amenewa ndiye wofunika kupimidwa. Ndani?"

Thumba la simenti lija linabwerera pomwe linali. A Dalaivala anayang'ana kumsewu, anayang'ana mumtengo, anatsokomola. Kenako, poti mayiyu anali mlendo ndipo malo anali apatchire, anaulula zonse: geti, kamtumbira, khweee, ndi amayi akuyenda atakumbatira chikwama.

A Mawaya anayesetsa. Analuma mlomo, anavula magalasi n'kuwapukuta, koma zinakanika. Anaseka mpaka anagwira chitseko cha galimoto kuti asagwe.

"Bambo, bwanji simunangogumula kamtumbirako?"

 Miyezi itatu yonse nzeru imeneyo sinawadutsepo a Dalaivala m'mutu ngakhale kamodzi. Anali munthu wa magalimoto, vuto lililonse ankalifunafuna pa galimoto.

Ataona nkhope yawo, a Mawaya analeka kuseka.

"Mwana wanga," anatero a Dalaivala, "ukanene kuti linali waya. Waya wina wake unamasuka, wamanga, basi. Matayala ndikasintha mwakachetechete."

"Pa galimoto sindinama, bambo. Ndikanama lero, mawa mwana wanu akauza madokotala kuti zinali waya, ndiye wina adzabwera ndi vuto lomweli n'kumandilamula kuti ndimange waya. Chimene ndapeza ndinena. Chifukwa chake ndi chanu, pamenepo pakamwa panga ndatseka."

"Ndiye ndidzati wamatayala ndiye analakwitsa."

"Amayi ajawo, mmene ndawaonera, sangapite kukamufunsa?"

Akanapitadi, tsiku lomwelo, ndi ambulera m'manja. Ndipo wamatayala uja, munthu amene anafunsidwa za zaka za basi pamaso pa makasitomala, akanafotokoza zonse mosangalala ndi manja omwe. Khoswe anali atakhala pamkhate. A Dalaivala anayendetsa ulendo wobwerera osadina kabatani, bondo likuwawa.

Ku galaja anapeza amayi akuuza Nesi kuti yunifolomu yake anaisoka munthu wopanda chikondi. A Mawaya ananena mwachidule kuti vuto lapezeka, lili m'matayala, awiri ndi aatali kuposa anzawo.

Nesi anayang'ana matayala anayi akuda bii, onyezimira mofanana.

"Ine ndikuona ofanana. Pepani mayi, bambo angawa amatha kunyengerera munthu. Mwapita awiri, mwabwera ndi nkhani imodzi. Ine ndimakhulupirira choyezedwa."

"Mwanena bwino," anatero a Mawaya. Anakweza galimoto pa majeki mpaka magudumu onse analendewera, kenako anayamba kufunafuna tepi yoyezera. Sinali m'chitini cha zosadziwika, sinali m'thumba. Anakumbukira kuti wowotcherera zitsulo wa khomo linalo anaibwereka Lolemba.

"Musavutike," anatero amayi, akutsegula chikwama. "Telala sayenda wopanda tepi."

A Dalaivala anaima pakati pa amayi ndi tayala.

"Amayi, mudetsa diresi. Polishi ameneyo sachoka."

"Nanga anapaka ndani? Tapatukani."

Amayi anagwada pa katoni imene a Mawaya anawayalira. Tepi ya telala imathera pa mainchesi 60, choncho anatulutsanso choko chawo chosokera. Analemba kamzere pa tayala, anazunguliza tepi, analemba kena pomwe yathera, n'kupitiriza kuchokera pamenepo, a Mawaya akuwazunguzira gudumu pang'onopang'ono. Ankagwira ntchitoyo mwaulemu, monga amayezera chiuno cha mkwatibwi, ndipo mwachizolowezi anauza tayala loyamba kuti lisapume.

"82," anatero. Anapita lakumbuyo. "82. Awa ndi mapasa."

Anadzuka mogwira bampala, anazungulira mbali inayo, katoni ili m'manja. A Dalaivala anayamba kuwerenga zitini za pa shelefu.

"87 ndi theka." Panapita kanthawi. "Ilinso 87 ndi theka."

Amayi sanadzuke msanga. Anakhala chogwada pamenepo, akuyang'ana matayala awiriwo, kenako chitseko chimene chinali pakati pawo, chitseko chawo chomwe, chokhala ndi kansalu kamene anasokera pa chogwirira. Kenako anadzuka n'kuyamba kukulunga tepi pa zala ziwiri, pang'onopang'ono, osayang'ana munthu.

Nesi anali atasangalala kale.

"Ndiye ndi matayaladi. Bambo, pepani. Koma ndani wopanda nzeru anaika zimenezi? Tipite komweko pompano."

"Ndinalamula ndine," anatero a Dalaivala.

"Inu? Chifukwa chiyani?"

 A Mawaya anapeza chochita pansi pa galimoto. A Dalaivala anali ndi yankho pa lilime, lalifupi, loona, ndipo likanawabwezera makiyi, ulemu, ndi msewu waukulu. Anayang'ana amayi. Anaona zala zakuda ndi polishi zikukulunga tepi, mutu uli pansi.

"Sindikukumbuka," anatero.

"Simukukumbuka?"

"Mwina ndinasokoneza manambala. Mwina ndinaiwala kuti galimoto ili ndi mbali ziwiri. Sindikudziwa, mwana wanga. Zinthu zikumandithawa masiku ano. Unanena zoona iwe, ndakula."

Mawu amenewo anali asanawatchulepo, ngakhale kwa dokotala wa bondo. Anawawa potuluka. Anapita pa tebulo la a Mawaya, anatenga makiyi, anawagwira kanthawi pang'ono, n'kuwaika m'dzanja la Nesi. Anayesa kumwetulira koma nkhope inakana.

Nesi anayang'ana makiyiwo ngati amupatsa khala la moto. Sabata yonse ankawafuna, koma mumtima ankapempha kuti akhale wolakwa. Misozi inalengeza.

"Bambo, musadandaule. Ndizikutengani ine. Loweruka lililonse, kulikonse kumene mukufuna."

"Bweretsa kuno makiyiwo," anatero amayi.

"Amayi, mwamva nokha zimene anena."

"Ndamva. Ndayezanso. Iwe unaphunzira za odwala, ine ndinaphunzira za anthu onama pa miyezo, ndipo ndakhala nawo zaka makumi anayi. Munthu woiwala amasokoneza paliponse, lina kutsogolo, lina kumbuyo, lina kuiwala kumanga. Uyu wasankha awiri ofanana ndendende, wawaika mbali imodzi, mbali imene ndimakhala ine, n'kuwapaka polishi Loweruka lililonse osaphonya. Ameneyo si woiwala. Ndi chitsiru. Ndipo chitsiru sachilanda makiyi, bwenzi misewu yonseyi ili mbee."

Nesi anayang'ana amayi ake, anayang'ana matayala, n'kuyang'ananso amayi ake. Chinthu chija chinamufika. Anagwira pakamwa.

"Amayi," anayamba a Dalaivala, "ine sindinanene kuti..."

"Simunanene. Ndi zimenezo ndikukambazo. A Dalaivala, thalauza mwavalalo ndi nambala chani?"

"34. Chikwatirireni ndimavala 34."

"Ndi 40."

"Kansalu ka m'chiuno kakuti 34, ndimakaona m'mawa uliwonse."

"Kansaluko ndimakasokerera ndine. Thalauza lililonse latsopano likabwera ndimachotsa kake n'kuikapo ka 34. Akale aja ndinawaphwasula kumbuyo n'kuwonjezera nsalu, kawiri konse. Lamba ndinakuboolerani mabowo atatu ndi msomali wamoto, inu mukuti chikopa chikutamuka. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano."

A Dalaivala anapititsa dzanja kumbuyo. Pansi pa lamba, pakati penipeni, zala zinapeza msoko, kenako wina pambali pake, ndi kansalu kopyapyala pakati pawo. Anali atauza anthu ambiri za 34 ameneyu, pafupifupi ofanana ndi amene anawauza za nkhuku.

"Mainchesi asanu ndi imodzi," anamveka a Mawaya pansi pa galimoto. "Matayala mwawaposa ndi theka, bambo."

Nesi anaseka misozi ili m'masaya, mpaka anakhala pansi pa tayala lakutha limene linali pakhomo. A Dalaivala sanaseke. Ankayang'ana amayi, chifukwa ankadziwa kuti amayi amatha kuseketsa anthu kenako n'kukadzitsekera.

"Mwakwiya, amayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndakwiya kwambiri. Zandiwawanso, musaganize kuti sizinandiwawe. Koma kunenepa ndikukudziwa, ndimasoka ndekha madiresi anga. Chandikwiyitsa n'chakuti munali okonzeka kukakhala pakhonde mpaka imfa, mwana wanu akukuyesani wodwala mutu, kuti ine ndisamve chinthu chimene tepi imandiuza mwezi uliwonse. Ndiye ine bwenzi ndikupita ndi ndani kogula nsalu? Ndi uyu, woyendetsa ngati wanyamula mazira?"

Anatenga makiyi m'dzanja la Nesi, amene sanalimbelimbe. Sanawapereke m'manja. Anakoka a Dalaivala ndi lamba, anaponya makiyiwo m'thumba la thalauza, n'kumenya pathumbapo kawiri, kusiya zidindo za zala zakuda.

"A Mawaya, muli nawo awiri ofanana ndi a mbali inayo?"

"Ndiwapeza, mayi. Mundipatse ola limodzi."

"Ikani. Ikalira pageti ilire, tonse tili momwemo."

Amayi anabwerera pa benchi, anakhala, anayamba kupukuta zala ndi kansanza. A Dalaivala anaima pakati pa galaja, dzanja lili m'thumba, atafumbata makiyi mwamphamvu mpaka ankawabaya. Ankafuna kunena chinachake chachikulu, koma kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo analibe nkhani ya basi yoyenera pamenepo.

"Mwaimiranji ngati mukudikira pasenjala?" anatero amayi, akusendera pang'ono. "Bwerani mukhale, bondo lija litupa."

Anapita n'kukhala pambali pawo. Benchi inalira, ndipo palibe amene akanatha kunena kuti yalirira ndani.